Timivi tikungozungulira: bwanji kompyuta ikukana kutumiza mafayilo ku cloud?

Pa Dedza boma, m'mashopu aja olembedwa pakhomo kuti typing, printing, photocopy ndi lamination, muli makompyuta amene aona zambiri. Ambiri mwa iwo anafika m'dziko muno atagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a ku Ulaya kapena ku Joni. Ndi ma Dell ndi ma HP akuda aja, bokosi lake lili pansi pa tebulo, fani ikulira ngati chigayo cha kutsidya. Koma pa makina omwewa ndi pomwe pamadutsa makalata ofunsira ntchito, mayeso a sukulu za pulaiveti, malipoti a makalabu a alimi a kachewere a ku Bembeke, ndiponso zithunzi za maukwati a Loweruka lililonse.

Masiku ano palibe mwini shopu amene sanauzidwepo, kaya ndi mphwake wa ku koleji kaya ndi kasitomala, kuti asamangodalira kompyuta, zinthu aziika pa cloud. Malangizowo ndi abwino ndithu. Hard disk ya zaka 10 sitsanzika tsiku lomwe ikufa, ndipo magetsi akabwera ndi ukali atathima tsiku lonse sasankha chowotcha. Vuto ndi loti ambirife cloud tinaidziwira pa foni, pomwe imaoneka ngati masewera: wajambula chithunzi lero, mawa wachipeza pa Google Photos osachitapo kanthu. Pa kompyuta ya patebulo nkhani yake ndi ina. Pulogalamu imakana kulowa. Ikalowa imakana kutsegula akaunti. Ikatsegula, timivi tiwiri tija ta pakona ya sikirini, pafupi ndi wotchi, timangozungulira kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, bandulo n'kutha fayilo isanafike.

Komabe timivi tozungulira n'tabwinoko, chifukwa tikukuuzani zoona kuti ntchito sinathe. Tsoka lili kwa wojambula zithunzi amene waona mafayilo ake akuoneka mu foda ya Google Drive, wakhulupirira kuti zonse zapita, ndiye wafomata memory card kuti akajambule chinkhoswe ku Linthipe. Ukwati subwerezedwa. Eni ake akadzabwera kudzatenga zithunzi, zoti netiweki inavuta sadzazimva.

Kuno ku Dedza mtambo timaudziwa bwino, mu June umatsika paphiri n'kudzakhala pamsika mpaka dzuwa litakwera. Koma cloud ya mafayilo si ya kumwamba ayi. Ndi makompyuta a kampani ina, osanjikizana m'nyumba zikuluzikulu zozizira, m'dziko la eni. Microsoft inatsegula malo otere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Inu wa akaunti yaulere simusankha komwe fayilo yanu ikagone, itha kukafika ku Ulaya kapena ku America. Ulendo wake umayambira pa nsanja ya netiweki, kulowa m'mawaya a fibre odutsa m'maiko oyandikana nafe, kenako pansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 mawaya awiri a pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, anaduka cha kufupi ndi Durban, ndipo intaneti inafooka ku Malawi, Tanzania, Mozambique ndi maiko ena a chigawo chino. Tsiku ngati limenelo mutha kuchotsa pulogalamu n'kuibwezera kakhumi, palibe chingasinthe.

N'chifukwa chake musanakhudze china chilichonse, tsegulani browser pa kompyuta yomweyo, mulembe drive.google.com kapena onedrive.com. Tsamba likakana kutseguka, vuto si pulogalamu, ndi njira ya intaneti kapena kompyutayo. Likatseguka bwinobwino ndipo kachithunzi kamodzi kakukwera popanda vuto, ndiye tiyeni tiione pulogalamuyo.

Ikakana n'kulowa komwe

Nthawi zambiri pulogalamu ikakana kuinstoledwa, mlandu ndi wa Windows. Kuyambira mu August 2023, Drive for desktop siigwira ntchito pa Windows 8, pa 8.1, ngakhalenso pa Windows iliyonse ya 32-bit. Windows 7 anali ataisiya kale. OneDrive ya anthu wamba nayo inaleka sync pa Windows 7, 8 ndi 8.1 pa 1 March 2022. Makina ambiri a m'mashopu mwathu akadali pomwepo, chifukwa printa yakale imagwirizana ndi Windows 7, ndipo chinthu chikamayenda palibe amafuna kuchiputa.

Kuti mudziwe Windows yanu, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver. Za ma bit zili pa Settings, System, About. Apa pali kanthu kamene ambiri sakaona. Pena pamalembedwa kuti 32-bit operating system, x64-based processor. Tanthauzo lake n'loti makinawo ali ndi mphamvu ya 64-bit, kungoti mmisiri amene anaika Windows anaika yomwe inali pa fulashi yake tsiku limenelo. Makina otere atha kuikidwa Windows ya 64-bit n'kulandira Drive, koma ntchito imeneyi imafufuta za pa C, ndiye yambani mwakopera zonse kwina. Akakhala makina oti sangapitirire pamenepo, musavutike. Browser yokha imakweza mafayilo, kungoti muzichita kukumbukira nokha.

Fulashi ya mmisiri ija ili ndi mlandu winanso. Mu foda yake ya mapulogalamu mukadali Backup and Sync, pulogalamu yakale ya Google imene inathetsedwa mu 2021. Imatha kulowa mu kompyuta bwinobwino, koma pa akaunti siipita. Tengani yatsopano pa tsamba la Google lenilenilo, osati pa masamba aja odzaza ndi mabatani obiriwira a Download pomwe loona simulidziwa. Fayilo yake ndi yoposa ma MB 100, ndiye netiweki ikaduka pakati mumatsala ndi fayilo yoperewera imene imangotulutsa error mukaidina. Ifufuteni muyambirenso, kapena itengereni pamalo pomwe intaneti ili bwino, muibweretse pa fulashi. Dropbox ili ndi khalidwe lina: kafayilo koyamba n'kakang'ono, koma kakangotsegulidwa kamakatenga pulogalamu yeniyeniyo pa intaneti. Pa netiweki yodukaduka funani imene amaitcha offline installer.

Makompyuta amene anachokera ku mabungwe kapena ku mapulojekiti amakhala ndi vuto lawolawo. Amabwera atatsekedwa ndi pasiwedi ya administrator, ndipo mwini pasiwediyo anasamuka kalekale. Popanda iyo simuinstola kanthu.

Windows 10 nayo musaidalire kwambiri. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, ndipo makina akale ambiri sakwanitsa zofunika za Windows 11. Mmene zinayendera ndi Windows 7, ine ndikuona kuti tsiku likubwera lomwe mapulogalamu a cloud adzaitembenukira msana. Wogula kompyuta ya kaunjika lero afunse kaye ngati ingalandire Windows 11 asanatulutse ndalama.

Kabatire ka mtengo wochepa

Pali vuto lina limene limazunguza anthu mitu masiku angapo chonsecho mankhwala ake ali pa benchi ya wokonza mawotchi. Pulogalamu yalowa, intaneti ilipo, WhatsApp pa foni ikuyenda, koma mukati mulowe mu akaunti ikukana. Chrome nayo ikulemba kuti Your clock is behind. Tayang'anani pakona ya sikirini. Mwina kompyuta yanu ikuti lero ndi 1 January chaka china chakale chomwe munali ku pulayimale.

M'kati mwa bokosi lija muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kofanana ndi ka mu rimoti ya makiyi a galimoto. Ntchito yake ndi kusunga nthawi kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Ku Ulaya makinawa ankakhala pa soketi yamoyo usana ndi usiku, kabatireka kakungopuma. Kuno timazula pulagi madzulo aliwonse poopa mphenzi, kuwonjezera apo kuthima kwa magetsi, ndiye kamagwira ntchito kwambiri pomwe kanabwera katakalamba kale. Kakatha, nthawi imabwerera m'mbuyo kompyuta ikangozima.

Nanga wotchi ikukhudzana bwanji ndi cloud? Kompyuta yanu isanapereke pasiwedi kwa Google kapena Microsoft, imayamba yaona chiphaso cha tsambalo, ndipo chiphasocho chili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ngati laisensi ya galimoto. Wotchi ikanena chaka cholakwika, chiphaso chabwinobwino chimaoneka ngati chabodza, kompyuta n'kukana kulankhula. Konzani tsiku ndi nthawi, musinthe kabatire, basi.

Onaninso time zone. Ya kuno pa Windows ndi ija yolembedwa Harare, Pretoria, ya UTC+02:00. Makina ochokera ku America amabwera ndi nthawi ya kwawo, ndipo anthu amangokonza maola kuti aoneke bwino osasintha zone. Pamaso wotchi ili bwino, koma kwa makompyuta a kunja inu muli kutali ndi nthawi yeniyeni ndi maola angapo. Zikatero kulowa mu akaunti kumatha kuvuta, ndipo nthawi zolembedwa pa mafayilo zimasokonekera moti simudziwa kuti latsopano ndi liti.

Bandulo, magetsi ndi masamu osakoma

Makompyuta ambiri a patebulo kuno amamwa intaneti kuchokera ku foni. Choyamba kudziwa n'choti bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook siinyamula Google Drive. Foni ionetsa 4G, kompyuta inena kuti yalumikizidwa, koma palibe chikuyenda. Pafunika bandulo ya intaneti yonse. Chachiwiri, Windows ikangomva fungo la intaneti imayamba kudzitengera ma update, ndipo GB yanu imodzi itha kupita inu musanakweze ngakhale kalata. Njira yoletsera ndi kuiuza kuti intaneti imeneyi ndi yowerengera: pa Settings, Network & Internet, sankhani netiwekiyo, muyatse Metered connection.

Ndiye apa pali msampha woseketsa. Mukatero, OneDrive nayo imamvera, imaima yokha poganiza kuti ikukupulumutsirani ndalama. Anthu amatha tsiku lonse akufufuza vuto pomwe pulogalamuyo yangopuma mwaulemu. Dinani kamtambo ka pakona, muone ngati palembedwa kuti paused, muiuze ipitirize, kapena muzimitse lamulo limenelo mu Settings yake. Kompyuta ikakhala yopanda Wi-Fi, chingwe cha USB chochokera ku foni chimagwira bwino, ndiponso foni imachajidwa nthawi yomweyo. Ikani foniyo pawindo. M'dera la mapiri ngati lino, kusuntha foni mikono iwiri yokha kumasintha zinthu.

Tsopano masamu. Liwiro lotsitsa zinthu ndi lokweza n'zosiyana, ndipo lokweza kawirikawiri ndi lochepa. Tiyerekeze kuti mukukweza pa 1 Mbps. GB imodzi itenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 13. Zithunzi ndi vidiyo za ukwati za ma GB 20 zifuna maola oposa 44 mosadukiza. Ndiye mukaona timivi tikuzungulira kuyambira dzulo, mwina palibe chawonongeka, katunduyo ndi wolemera basi. Dinani chizindikiro cha pulogalamuyo muone ngati nambala ya mafayilo otsala ikutsika. Ikamatsika, isiyeni igwire ntchito.

Koma maola 44 a magetsi osathima muwapeza kuti? Laputopu ili ndi batire, kompyuta ya patebulo ilibe, magetsi akangophethira yazima. Boma lomwe lino la Dedza ndi lomwe lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a ma megawatt 20 ku Golomoti, amene anayamba ntchito mu 2022, koma magetsiwo amalowa mu gridi ya dziko lonse, sakhotera pa shopu yanu. Amene anagwira ntchito ya kompyuta mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January n'kuchotsa ma megawatt pafupifupi 130, akukumbukira mmene zinalili. Mapulogalamuwa amapitiriza okha magetsi akabwera, zimenezo si nkhawa. Nkhawa ndi hard disk imene ikuzimidwa mwadzidzidzi ili pakati polemba. Ka UPS kakang'ono, koti kakupatseni mphindi zochepa zozimitsira bwino, n'kofunika kuposa sipika zazikulu zomwe zili m'mashopu ambiri. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo amene ali nayo nkhani ya liwiro inawapepukira, koma nayo imafuna magetsi, ndiponso si shopu iliyonse ya photocopy ingaikwanitse.

Nzeru ina ndi yosavuta: si chilichonse chiyenera kukwera. Zithunzi zosankhidwa ndi zikalata zipite ku cloud, vidiyo yosadula ikhale pa external hard disk.

Fayilo ikuoneka, koma ili kuti?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo m'pomwe anthu ambiri amapwetekera.

Drive for desktop ili ndi njira ziwiri, Stream files ndi Mirror files. Mukasankha Mirror, chilichonse chimene chili pa Drive yanu chimatsitsidwa n'kukhalanso pa kompyuta. N'zabwino netiweki ikasowa, koma ngati Drive yanu ili ndi ma GB 12, dziwani kuti ma GB 12 a bandulo apita tsiku loyamba. Mukasankha Stream, pa kompyuta pamabwera drive yatsopano, kawirikawiri G, yoonetsa mayina a mafayilo onse, koma fayilo yeniyeniyo imabwera pokhapokha mwaidina. Bandulo imapulumuka. Koma tsiku lomwe netiweki yagwa, kasitomala ali chilili kudikira kalata yake, mudzapeza dzina lokha, fayilo osatseguka.

Kwa ife kuno, ine ndingasankhe Stream, kenako foda ya ntchito za sabata ino n'kuidina ndi batani lamanja la mouse, kusankha Offline access, Available offline. OneDrive ili ndi zofanana. Kamtambo ka buluu pambali pa fayilo kakutanthauza kuti fayiloyo ili pa intaneti pokha. Tiki yobiriwira m'kabwalo koyera ikutanthauza kuti ili pa kompyuta pakadali pano. Kabwalo kobiriwira konse ndi ka fayilo imene mwailamula kuti Always keep on this device. X wofiira ndiye kuti pali vuto, ndipo mukadina kamtambo ka pakona imakuuzani fayilo yake.

Tsopano mvetserani ichi. Mukakokera fayilo mu G, imaoneka mmenemo nthawi yomweyo, ngakhale intaneti palibe. Siinapite kulikonse. Yangosungidwa kaye mu foda yobisika ya pa C yotchedwa DriveFS, kudikira mpata wokwera. Zili ngati uthenga wa pa WhatsApp umene ukuoneka pa foni yanu koma uli ndi kawotchi m'malo mwa tiki. Kusiyana kwake n'koti pa WhatsApp tonse tinazolowera kuyang'ana kawotchiko, pomwe pa kompyuta sitiyang'ana.

Njira yotsimikizira ili m'thumba mwanu. Tsegulani Drive kapena OneDrive pa foni, mupeze fodayo, muwerenge mafayilo, mutsegule awiri kapena atatu, makamaka omaliza. Chimene foni ikuchiona ndiye chafika. Chimene foni sikuchiona chikadali pa Dedza pompano, mu bokosi la pansi pa tebulo.

Ndipo musaganize kuti zoterezi zimagwera ife a netiweki yofooka tokha. Mu November 2023 anthu m'maiko osiyanasiyana anadandaula kuti mafayilo a miyezi ingapo asowa pa Drive for desktop, ena n'kumati Drive yawo yabwerera mmene inalili mu May chaka chomwecho. Google inavomera kuti vutolo linakhudza ena mwa ogwiritsa ntchito version 84, ndipo pomwe inkakonza inachenjeza zinthu ziwiri: musadine Disconnect account, ndipo musafufute kapena kusuntha foda ya DriveFS. Chifukwa chake n'chomwe tanenachi. Mafayilo amene anali asanakwere anali mmenemo.

Taganizirani tsono zomwe mmisiri wothamanga amachita mukamuitana. Amachotsa akaunti, amachotsa pulogalamu, amasesa mafoda ake onse kuti ayambe poyera. Pulogalamu iyambadi kuyenda, inu n'kumulipira mokondwa, koma zomwe zinali pamzere wodikira zapita. Musalole munthu aliyense, ngakhale akhale katswiri wochokera ku Lilongwe, kuti achotse kanthu musanakopere mafayilo osakwerawo pa fulashi kapena mu foda ina ya kunja kwa Drive. Mukatero ndiye yesani zofatsa poyamba: itsekeni pulogalamu ndi Quit n'kuitsegulanso, zimitsani kompyuta n'kuiyatsa. OneDrive ili ndi njira yoidzutsira osafufuta mafayilo: batani la Windows ndi R, kenako %localappdata%\Microsoft\OneDrive\onedrive.exe /reset. Pa makina ena pulogalamuyi imakhala mu Program Files, ndiye njirayo imasintha pang'ono. Kuchotsa ndi kuinstolanso kukhale komaliza.

Tizifukwa tina n'tating'ono. Fayilo imene ikadali yotsegula mu Word kapena pulogalamu ina imatha kudikira mpaka muitseke. OneDrive imakana mayina okhala ndi zizindikiro monga ? * : kapena /, ndiye deti muzilemba 12-05-2025. Mafoda olowetsana kwambiri, aliyense ndi dzina lalitali ngati mutu wa lipoti, nawo amakanika. Anthu awiri akasintha fayilo imodzi wina ali wopanda intaneti, mumapeza mafayilo awiri, pa Dropbox ina yolembedwa conflicted copy. Musafufute msanga, tsegulani onse muone. Pa C pakhalenso malo, chifukwa disk ikadzaza sync imaima.

Nkhokwe ikadzaza

Google imapereka ma GB 15 aulere, OneDrive 5, Dropbox 2, ndipo Dropbox yaulere imalola zipangizo zitatu zokha. Ma GB 15 amamveka ambiri mpaka mutadziwa amene akudya nawo. Gmail ili momwemo. Google Photos inayamba kuwerengera zithunzi zatsopano pa 1 June 2021. Kuyambira kumayambiriro kwa 2024, backup ya WhatsApp pa mafoni a Android nayo imalowa momwemo, pamodzi ndi mavidiyo onse a m'magulu a tchalitchi, a kumudzi ndi a anzanu a ku sekondale ngati munayatsa Include videos. Ndiye kompyuta ya pa shopu itha kukana sync chifukwa cha foni yanu.

Ndipo akaunti ikadzaza si Drive yokha imene imaima. Gmail imasiya kulandira makalata, amabwerera kwa wotumiza. Kwa wachinyamata amene wataya ma CV m'maofesi khumi n'kumadikira kuitanidwa ku intaviyu, iyi si nkhani yaing'ono. Pitani pa one.google.com/storage muone chimene chikudya malo. Zomwe mwafufuta zimakhala mu Trash masiku 30 zikuwerengedwabe, ndiye mukatsimikiza kuti simukuzifuna, khuthulani. Pa OneDrive chodzaza msanga ndi Desktop, chifukwa Windows imakonda kuyatsa backup ya Desktop, Documents ndi Pictures munthu akungodina Next, Next. Desktop ya pa shopu mukuidziwa mmene imakhalira.

Kugula malo owonjezera n'kotheka, koma kumafuna khadi ya banki yolipirira kunja. Aliyense amene wayesapo zimenezi m'zaka za kusowa kwa forex zino akudziwa mmene zimavutira, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo uliwonse wa m'madola unalemera. Ambiri amangotsegula ma akaunti angapo, ndipo Drive for desktop imalola anayi nthawi imodzi. Zimathandiza, bola muzikumbukira kuti kuyambira mu December 2023 Google ili ndi ufulu wofufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Akaunti ija munaikamo zithunzi za 2022 n'kuiiwala, kailoweni.

Palinso chinthu chimene dzina loti backup limatinamiza. Sync ndi galasi. Mukafufuta fayilo pa kompyuta, imafufutikanso pa cloud. Mwana wa pa shopu akasesa foda kuti apeze malo, cloud imamvera osafunsa. Vairasi ya pa fulashi ikawononga mafayilo, zowonongekazo ndi zomwe zimakwera, ndipo m'shopu momwe fulashi iliyonse ya m'tauni imalowa, mavairasi sachita kusowa. Muli ndi masiku 30 oti mubweze za mu Trash, ndipo pa mafayilo ambiri mutha kubwerera ku version yakale. Kupitirira apo, chokupulumutsani ndi external hard disk imene mumakoperapo kamodzi pa sabata, n'kuizula, n'kupita nayo kunyumba.

Akaunti ndi ya ndani?

Funso ili silioneka ngati la sync, koma limabwera tsiku lomwe pulogalamu yakutulutsani n'kupempha kuti mulowenso. M'mashopu ndi m'masukulu ambiri, akaunti ya pa kompyuta inatsegulidwa ndi mnyamata amene ankagwira ntchito pamenepo, pa imelo yake ndi nambala yake ya foni. Iye anapita ku Joni, SIM khadi ija inafa, ndipo Google ikutumiza nambala yachinsinsi ku foni imene kulibe. Mafayilo onse a bizinesi ali m'manja mwa munthu amene simungamupeze. Akaunti ya ntchito ikhale ya ntchito, nambala yake ikhale ya mwini bizinesi.

Kumbukiraninso zomwe zili m'mafoda amenewo: ziphaso za unzika zojambulidwa, masatifiketi a MSCE, makalata a kuchipatala a makasitomala. Zonsezi zikamakwera ku akaunti ya munthu mmodzi zimaonekanso pa foni yake kulikonse ali. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo wosunga zinthu za anthu ena ali ndi udindo pa izo. Foda ya zinthu zosikana za makasitomala isakhale m'gulu lokwera, ndipo izifufutidwa ntchito ikatha.

Inu kasitomala, mukapita kukasindikiza kalata, musalowetse akaunti yanu mu pulogalamu ya Drive ya pa kompyuta ya shopu. Gwiritsani ntchito Incognito pa browser, mukamaliza mutuluke n'kutseka windo. Ngati mukukayika kuti munasiya khomo lotsegula penapake, pa foni pitani ku myaccount.google.com, Security, Your devices. Kompyuta iliyonse imene simukuidziwa ichotseni pomwepo. Pa tsamba lomwelo, pansi pa 2-Step Verification, pali ma backup codes 10, iliyonse yogwira ntchito kamodzi. Asindikizeni pa pepala, mufufute fayilo yake pa kompyuta ya shopuyo, pepalalo mukaliike mu envelopu momwe mumasunga satifiketi.